Makamera Awiri pa Kwachena

Ndatsika chapa ya ku Ulongwe fumbi lili m'mano,
ndalama ya matumba asanu ndi anayi a kachewere
ndaimanga pa kansalu, mkati mwa bulauzi.
Tete lero ndi chiwaya cha wokazinga tchipisi,
mbuzi nazo zabisala pansi pa malole a malasha.

Kuseri kwa amayi a nsomba zouma za ku Chikowa
kuli tebulo la a Gasipala,
ndipo makamera awiri agona pa thaulo limodzi
ngati akazi a mitala osalankhulana.

Yoyamba ndi yachitsulo, kulemera ngati simbi yamakala,
chikopa chasupuka m'makona,
lamba akununkha thukuta la munthu amene sindinamuone.
"Iyi inajambula maukwati nkhondo isanathe,"
akutero a Gasipala.
"Filimu imodzi, zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.
Ukadina, wadina.
Ilibe pepani."

Inayo ndi yakuda, yopepuka,
inabwera kuchokera ku Joni m'chikwama cha dalaivala.
Kumbuyo ili ndi kawindo
komwe nkhope imatulukira mwini wake asanatseke pakamwa.
"Iyi imakhululuka. Ukalakwa umafufuta.
Koma batire imadya ngati mwana wa nkhumba,
ndipo kwanuko magetsi amabwera ngati mlendo wa maliro,
kugona usiku umodzi, m'mawa walawira."

Ndikufunsa: nanga filimu amatsuka kuti?
Akuseka, akukanda m'ndevu.
"Wotsuka wathu tinamuika chaka cha madzi osefukira.
M'shopu mwake akugulitsamo mafoni.
Umapatsira wa basi ya ku Beira,
n'kudikira mwezi, mwina iwiri,
ndipo nthawi zina zimabwerako zakuda bii,
ukwati wonse usiku."

Ine sindidziwa kuwala, sindidziwa mtunda,
manambala ozungulira diso la kamera
ndi chilankhulo cha eni ake.
Chimene ndidziwa n'chakuti
bambo anapita osasiya chithunzi,
ndipo ine ndi Lukiresiya timakangana mpaka lero
ngati mpata wa m'mano mwawo unali m'mwamba kapena m'munsi.
Mayi ali nacho chimodzi chokha, cha pa bilyete,
anawagwira ali pakati pa kuphethira,
khutu limodzi linadyedwa ndi chidindo cha boma.

Yachitsuloyi ikundikoka, sindinama.
M'manja ikukhala ngati khasu lozolowera ntchito.
Ikuti: fatsa, mwanawe, yang'ana kaye,
gwira mpweya,
munthu sajambulidwa ngati akuthamangitsidwa.
Ndikadakhala ndi nthawi
ndikadalowa sukulu yake.

Koma mayi akutsokomola kuyambira pa zokolola,
ndipo miyezi iwiri ya basi ya ku Beira
ndi ngongole imene sindingaibwereke.
Ndikufuna kulakwa kambirimbiri madzulo amodzi,
kuwaonetsa pa kawindo, iwo n'kunena kuti
iyayi, mpangowu wapendama, bwereza,
ine n'kubwereza.

Ndamasula kansalu.
A Gasipala awerenga mametikali ndi chala chonyowa,
andiphunzitsa podina, potsegulira batire,
ndi kuti dzuwa likhale kumsana kwanga
monga mwana.

Ndikutembenuka, akuti: "Taima.
Umu mwatsala chimodzi, chakhalamo zaka zitatu."
Akweza yachitsulo ija, atsinzina diso,
nthawi yaima ngati bulu pa mlatho,
kenaka: tcha!
Sindidziwa ngati ndinaphethira.
Mwina ndidzadziona, mwina ndidzatsala mu mdima umenewo
pamodzi ndi akwati a anthu ena.

M'chapa, tikuwoloka Zambezi, ndayesa yanga.
Chatuluka chala changa chachikulu,
theka la mlatho,
ndi chigongono cha kondakitala.
Kamera ikufunsa ngati ndifufute.
Ndaibweza m'bulauzi osayankha.